Mwezi Waoneka Kuti? Mkangano wa Maso ndi Masamu pa Kusala ndi pa Idi

Tsiku la 29 la Ramadhani, swala ya Magharibi ikangotha, mafoni amayamba kulira. Wa ku Lilongwe akufunsa m'bale wake wa ku Mangochi ngati kumeneko auona. Wina walandira pa WhatsApp chithunzi cha kamwezi kowonda, chosadziwika amene wajambula, kumene anajambulira, ngakhale chaka chimene chinajambulidwa. Kukhitchini amayi ayimitsa kaye mpunga ndi nkhuku, chifukwa sakudziwa ngati m'bandakucha kuli daku, chakudya cha osala, kapena m'mawa kuli chakudya cha Idi. Pofika Isha, mzikiti wina wayima pa Tarawehe, swala ya usiku ya m'Ramadhani, pamene wina wa m'mudzi womwewo wayamba takbira zolandirira Idi.

Anthu amakonda kunena kuti uwu ndi mkangano wa akale ndi amakono, kapena wa chipembedzo ndi sayansi. Sichoncho. Mbali zonse zili ndi hadisi, mawu ndi zochita za Mtumiki, m'manja, ndipo nthawi zambiri ndi hadisi imodzimodziyo. Vuto ndi lakuti mafunso atatu osiyana analukana ngati chingwe. Loyamba, chimene chimatsegula mwezi ndi chiyani, kuuona ndi diso kapena kudziwa kuti ulipo? Lachiwiri, akauona a dziko lina, ife zikutikhudza? Lachitatu, ndani ali ndi mphamvu yolengeza? Munthu akhoza kugwirizana ndi mnzake pa loyamba nkusiyana naye pa lachiwiri, ndipo ambiri amene amapsetsana mitima pakhomo la mzikiti sadziwa nkomwe kuti aliyense akuyankha funso lakelake.

Tiyambe ndi mwezi weniweniwo, chifukwa theka la phokoso limatha munthu akadziwa kayendedwe kake.

Kuchoka pa kubadwa kwa mwezi kufika pa kubadwa kwina pamapita masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44, tikatenga pakatikati. Kalendala silandira theka la tsiku, choncho mwezi wa Chisilamu umakhala wa masiku 29 kapena 30. Miyezi 12 imapereka masiku 354 kapena 355, kuperewera pafupifupi masiku 11 pa chaka cha dzuwa, ndipo nchifukwa chake Ramadhani imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka mpaka kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Chimene akatswiri a zakuthambo amati kubadwa ndi nthawi imene mwezi umadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa. Nthawiyi ndi imodzi padziko lonse ndipo imadziwika mpaka mphindi yake zaka zambiri isanafike. Kadamsana wa dzuwa amachitika pa nthawi yomweyi. Koma pobadwapo mwezi suoneka, chifukwa mbali yake yowala yafulatira ife. Umayamba kutalikira dzuwa pang'onopang'ono, pafupifupi theka la digiri pa ola.

Madigiri asakuopsezeni. Tambasulani mkono, pindani chibakera, muyang'ane kumwamba: kukula kwa chibakeracho ndi madigiri pafupifupi 10, ndipo chala chaching'ono ndi digiri imodzi. M'zaka za m'ma 1930, katswiri wa ku France André Danjon anapeza kuti mpata wa pakati pa mwezi ndi dzuwa ukakhala wosakwana madigiri 7, kachigamba kowala ka mwezi sikaoneka ndi diso ngakhale kumwamba kuyere chotani. Pa liwiro la theka la digiri pa ola, madigiri 7 amafuna maola pafupifupi 14. Mwezi wamng'ono kwambiri umene akatswiri anavomereza kuti unaonedwa ndi diso lokha unali wa maola 15 ndi mphindi 32, mu 1990. Ndi makina oonera kutali, ku Iran mu 2002 anauona uli ndi maola 11 ndi mphindi 40. Awa anali anthu ozolowera, atakwera pamalo abwino, akudziwiratu poyang'ana. Munthu wamba nthawi zambiri amauona utakwanitsa maola 20 kapena kuposa.

Msinkhu pawokha sukwanira. Pafunikanso kutalika kwa mwezi kuchokera m'chizimezime pamene dzuwa likulowa, ndi mphindi zimene umatsalira kumwamba dzuwa litalowa. Kuno kwathu digiri imodzi ya kutalika imapereka mphindi pafupifupi zinayi. Mwezi wotsalira mphindi 20 umalowa kumadzulo kudakali kofiira, diso siliupeza. Chiyembekezo chimayamba pa mphindi 40, ndipo nthawi yabwino youfuna ndi pafupifupi theka la mphindi zimenezo zitadutsa: mwezi wotsalira mphindi 45 muufune kwambiri pa mphindi 20 dzuwa litalowa.

Tsopano mawu amene maulama, akatswiri a chipembedzo cha Chisilamu, amakanganirana.

Qur'an, pa sura 2 ndime 185, imalamula kuti amene waufikira mweziwo asale. Pa ndime 189 ya sura yomweyo imati miyezi yatsopano ndi zizindikiro za nthawi kwa anthu ndi za Haji. Pa sura 55 ndime 5 imati dzuwa ndi mwezi zimayenda mwa chiwerengero. Njira yodziwira tsiku loyamba Qur'an siinaitchule. Imeneyo ili m'hadisi za kwa Bukhari ndi Muslim, m'mene Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anati salani mukauona ndipo masulani mukauona. Kenako pakubwera mawu a tsiku la mitambo, ndipo apa ndi pamene njira zimagawanika. M'kalandiridwe kena mawuwo akuti kwaniritsani chiwerengero cha masiku 30. M'kena, kochokera kwa Ibn Umar, mmodzi wa maswahaba, anthu amene anakhala ndi Mtumiki, akuti faqduru lahu, mawu amene angamasuliridwe kuti uyerekezeni kapena uwerengereni.

Maulama ambiri a mazihabu onse anayi, njira zinayi zomasulira malamulo a Chisilamu, anati mawu achiwiriwa akumasuliridwa ndi oyambawo: kuwerengera kwake ndi kukwaniritsa 30, basi. Ena a mazihabu ya Hanbali anawamva mwina, kuti panikizani mwezi wa Shabani, wotsogolera Ramadhani, ukhale wa 29, ndipo Ibn Umar mwini ankasala tsiku lotsatira kumwamba kukakhala mitambo. Gulu lachitatu, laling'ono koma lakalekale, linati tanthauzo lake ndi kuwerengetsa malo a mwezi. Ganizoli limatchulidwa kwa Mutarrif ibn Abdullah wa ku Basra, wa m'badwo wotsatira maswahaba, ndi kwa Ibn Surayj, mkulu wa mazihabu ya Shafi'i ku Baghdad amene anamwalira mu 918. Ibn Surayj anati hadisi ziwirizi zikulankhula kwa anthu osiyana: wodziwa masamu a kumwamba awerengetse, wosadziwa akwaniritse 30. Choncho amene amati kuwerengetsa ndi chinthu chobwera ndi makompyuta sanawerenge mabuku a mazihabu yomwe Asilamu ambiri a ku Malawi analandira kuchokera kugombe la Aswahili.

Pali hadisi inanso imene mbali zonse zimaikoka. Mtumiki anati ife ndife mtundu wosaphunzira kulemba, sitilemba ndipo sitiwerengetsa, mwezi uli chonchi ndi chonchi, akusonyeza ndi zala 29 ndi 30. Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 1328, anaiwerenga ngati lamulo: chipembedzochi chinamangidwa pa chizindikiro chimene m'busa wa ngamila ndi mfumu amachiona mofanana, ndipo kuwerengetsa kulibe malo. Shehe Ibn Baz wa ku Saudi Arabia anaima pomwepo mpaka imfa yake mu 1999. Koma mu 1939, Ahmad Shakir, katswiri wa hadisi wa ku Egypt, munthu amene palibe angamunene kuti ankapeputsa Sunna, analemba kabuku kotembenuza nkhaniyi. Anati hadisiyi ikutchula chifukwa cha lamulo. Analamulidwa kudalira diso chifukwa sankatha kuwerengetsa. Mu fiqhi, maphunziro a malamulo a Chisilamu, lamulo limayenda ndi chifukwa chake, chifukwacho chikachoka lamulo limasintha. Anawonjezera kuti akale ankakana kuwerengetsa chifukwa m'masiku awo amene ankawerengetsa nyenyezi ndi omwewo ankalosera nazo za mtsogolo, ndipo masamu awo sanali odalirika.

Funso limene ophunzira a m'madrasa amakonda kufunsa ndi ili: nanga bwanji nthawi za swala timaziwerenga pa pepala lopachikidwa mumzikiti, palibe muazini amatuluka kukayeza mthunzi, koma pa mwezi tikuti masamu ayi? Funsoli linayankhidwa kale ndi al-Qarafi, wa mazihabu ya Maliki, amene anamwalira mu 1285, ndipo yankho lake ndi lamphamvu kuposa mmene okonda kuwerengetsa amavomerezera. Anati chimene chimatsegula nthawi ya Zuhuri, swala ya masana, ndi kupendeka kwa dzuwa kwenikweniko, ndiye mungakudziwe ndi mthunzi, ndi wotchi, kapena ndi masamu. Koma chimene chinaikidwa kukhala chotsegulira kusala si kupezeka kwa mwezi kumwamba, ndi kuoneka kwake. Umboni wake ndi tsiku la mitambo: mwezi ukhoza kukhala uli kuseri kwa mtambo, aliyense akudziwa kuti ulipo, koma lamulo likuti kwaniritsani 30. Sharia ikanafuna kupezeka kwa mwezi sikanalamula choncho. Otsutsa amayankha kuti kukwaniritsa 30 kunali njira ya munthu wosowa njira ina. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni, ndipo palibe telesikopu ingakuthetse, chifukwa ndi funso la kamvedwe ka mawu.

Pali njira ya pakati imene, m'kuona kwanga, iyenera kukhala poyambira pa komiti iliyonse yoona za mwezi, ngakhale yokhwima chotani pa nkhani ya diso. Anaifotokoza Taqi al-Din al-Subki, kadhi, kutanthauza woweruza, wamkulu wa Chishafi'i ku Damascus, amene anamwalira mu 1355. Anati masamu akasonyeza motsimikiza kuti mwezi sungaoneke, mboni imene ikuti yauona ikanidwe, chifukwa umboni wa munthu ndi chinthu choganizira pamene masamu oterowo ndi otsimikizika. Sananene kuti mwezi uyambe ndi masamu. Ananena kuti masamu akhale mlonda wa pakhomo. Munthu akabwera kwa kadhi nkulumbira kuti waona malemu akuyenda pamsika, kadhi safunika kufufuza ngati munthuyo amaswali kasanu. Chimodzimodzi munthu amene akuti waona mwezi umene unalowa dzuwa lisanalowe.

Nkhani ya mboni ili ndi malamulo ake, ndipo mazihabu amasiyana. Kwa a Shafi'i ndi a Hanbali, mboni imodzi yolungama ikukwanira potsegula Ramadhani, koma potseka pafunika awiri. Nzeru yake ndi yakuti kulowa m'mapemphero msanga sikuwononga, koma kutulukamo msanga kumawononga, komanso munthu amene wasala masiku 29 ali ndi chifukwa chofunira kuti mwezi uoneke. A Maliki amafuna awiri kapena gulu lalikulu. A Hanafi amayang'ana kumwamba kaye: kukakhala mitambo kapena fumbi, mmodzi akukwanira pa Ramadhani, koma kumwamba kukayera amafuna khamu, chifukwa nzosamveka kuti anthu mazana ayang'ane malo amodzi, onse alephere, mmodzi yekha aone. Lamulo la a Hanafi limeneli likanatsatidwa paliponse, Idi zambiri zolakwika sizikanachitika.

Mboni zambiri zolakwa si zabodza. Ndi anthu oona mtima amene aona chinachake. Nyenyezi yowala ya kumadzulo, kachidutswa ka mtambo kowala ndi dzuwa lomwe lalowa, mzere wa utsi wa ndege, ngakhale nsidze yake yomwe, zonsezi zimasanduka mwezi kwa munthu amene wayang'anitsitsa kumwamba kofiira kwa mphindi khumi akufunitsitsa kuona. Nchifukwa chake wolandira umboni ayenera kufunsa mafunso asanalembe dzina. Munauona nthawi yanji, mphindi zingati dzuwa litalowa? Unali kumanja kapena kumanzere kwa pomwe dzuwa linalowera? Unali pamwamba zala zingati? Nyanga zake zinaloza kuti? Munauona kamodzi kapena munauchotsa maso nkuupezanso? Munamulozera mnzanu, iye anauona? Mbali yowala ya mwezi nthawi zonse imayang'ana kumene kuli dzuwa, ndiye madzulo imakhala ya pansi. Kuno kufupi ndi mzere wa pakati pa dziko kamwezi katsopano kamaoneka ngati mbale yotsamira pang'ono, nyanga zikuloza m'mwamba. Mboni ikanena kuti nyanga zinaloza pansi, sinaone mwezi. Ikanena nthawi imene mwezi unali utalowa kale, chimodzimodzi.

Malo oimapo nawonso ndi nkhani. Pafunika poonekera kumadzulo mpaka m'chizimezime, popanda phiri, mitengo kapena magetsi a m'tauni. Wokhala m'tauni ya Zomba phiri limamutsekera. Wa ku Salima ndi ku Nkhotakota nyanja ili kum'mawa kwake, siimuthandiza. Wa ku Makanjira, tsidya la kum'mawa, ndiye amayang'ana dzuwa likulowera kutsidya kwa madzi. Nyengo nayo ili ndi zake: kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo ya mvula imakonda kuunjikana madzulo, mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaphimba mapiri a kum'mwera, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimameza madigiri oyambirira a m'chizimezime, pomwe pali kamweziko. Zaka zino Ramadhani ikugwa m'dzinja, choncho kukwaniritsa 30 kudzachitika kawirikawiri kwa amene amadalira diso la m'dziko muno lokha.

Cholakwa china chofala chimabwera usiku wotsatira. Anthu amatuluka, nkuona mwezi wonenepa uli pamwamba, nkuyamba kudandaula kuti uwu ndi wa dzulo, atibera tsiku. Werengetsani. Ngati dzulo madzulo mwezi unali ndi maola 13, sukanaoneka. Lero uli ndi maola 37, watalikira dzuwa madigiri pafupifupi 18, zibakera ziwiri kuperewera pang'ono, ndipo utsalira kumwamba kupitirira ola. Ndi wa tsiku loyamba ndithu. Dandaulo limeneli ndi lakale. Mu Sahihi Muslim muli nkhani ya anthu a paulendo amene anakangana, ena akuti mwezi ndi wa masiku awiri, ena atatu, ndipo Ibn Abbas, msuweni wa Mtumiki, anawauza kuti ndi wa usiku umene anauonawo.

Funso lachiwiri lija ndi limene limagawa mizikiti kwambiri masiku ano, chifukwa uthenga umene kale unkayenda ndi ngamila milungu ingapo lero umafika mphindi yomweyo.

Hadisi yake ndi ya Kurayb, mu Sahihi Muslim. Anatumidwa ku Sham, dera la Syria, kwa Mu'awiya, wolamulira wa deralo, ndipo kumeneko mwezi wa Ramadhani anauona usiku wa Lachisanu. Atabwerera ku Madina kumapeto kwa mwezi, Ibn Abbas anamuuza kuti iwo anauona usiku wa Loweruka, ndipo apitiriza kusala mpaka akwanitse 30 kapena auone. Kurayb anafunsa ngati kuona kwa Mu'awiya sikukukwanira. Ibn Abbas anati ayi, umu ndi mmene Mtumiki anatilamulira. A Shafi'i anamanga pamenepa lamulo lakuti madera otalikirana, amene mwezi umawatulukira mosiyana, aliyense ayende ndi kuona kwake. A Hanafi, a Maliki ndi a Hanbali ambiri anati lamulo lakuti salani mukauona likupita kwa Asilamu onse, akauona ena motsimikizika onse asale, ndipo za Ibn Abbas amazimasulira kuti anakana chifukwa Kurayb anali mboni imodzi, kapena kuti linali ganizo lake. Bungwe la fiqhi la mayiko a Chisilamu, pa msonkhano wake wa ku Amman mu 1986, linatenga mbali yachiwiriyi, nkuwonjezera kuti diso ndiye maziko koma masamu athandizire.

Chimene thambo limachita pa nkhaniyi nchosavuta. Dzuwa limalowa mochedwa mukamapita kumadzulo, ndiye mwezi umakhala utakulirapo. Mwezi umene walephereka ku Jakarta ukhoza kuoneka ku Dakar madzulo omwewo, chifukwa papita maola pafupifupi asanu ndi atatu, madigiri ena anayi. Choncho akauona kum'mawa kwanu, inu muyenera kuuona mosavuta, bola kumwamba kuyere. Ngati kum'mawa akuti auona koma mayiko onse a kumadzulo, kumwamba kuli mbee, alephera, umboni wa kum'mawawo ngokayikitsa. Palinso kupendekera kwa kumpoto ndi kum'mwera: miyezi ina mwezi umakondera mayiko a kumpoto, ina a kum'mwera. Malawi ndi Makka sizisiyana kwambiri pa nthawi yolowa dzuwa, koma ina ili kumpoto kwa mzere wa pakati pa dziko, ina kum'mwera. Pali miyezi imene Cape Town imauona bwinobwino Makka isanauone, ndipo pali ina imene zimatembenuka.

Idi ya mu Epulo 2023 ndi chitsanzo choyera, chifukwa tsiku limenelo kubadwa kwa mwezi kunaoneka ndi maso. Lachinayi pa 20 Epulo kunali kadamsana wa dzuwa amene anadutsa kumadzulo kwa Australia ndi kum'mawa kwa Indonesia, ndipo mwezi unabadwa cha m'ma 6:12 m'mawa pa nthawi ya ku Malawi. Dzuwa polowa ku Makka mwezi unali ndi maola osakwana 12, mpata wake ndi dzuwa wosafika madigiri 7. Saudi Arabia inalengeza kuti Idi ndi Lachisanu pa 21, ndipo mayiko ambiri oyandikana nayo anatsatira. Oman, Morocco ndi South Africa anaswali Loweruka pa 22. Ku Indonesia dziko limodzi linaswali kawiri: bungwe la Muhammadiyah Lachisanu, boma ndi bungwe la Nahdlatul Ulama Loweruka.

Za ku Indonesia zikuphunzitsa chinthu chimene okonda masamu sakonda kumva: kuvomereza kuwerengetsa sikuthetsa mkangano, kumangousamutsa. Mukuwerengetsa chiyani? Muhammadiyah nthawi imeneyo inkati bola mwezi wabadwa dzuwa lisanalowe ndipo ukulowa pambuyo pa dzuwa, ngakhale ndi mphindi imodzi, mwezi watsopano wayamba. Kalendala ya Umm al-Qura, ya boma la Saudi Arabia, imayenda ndi muyeso wofanana ndi umenewu poyezera ku Makka, ndipo nchifukwa chake nthawi zambiri imatsogola ndi tsiku limodzi poyerekeza ndi diso. Indonesia, Malaysia, Brunei ndi Singapore anagwirizana muyeso wina: kutalika madigiri 3, mpata madigiri 6.4. Msonkhano wa ku Istanbul wa mu 1978 unaika kutalika madigiri 5 ndi mpata madigiri 8, ndipo wina wa mumzinda womwewo mu 2016 unati muyesowu ukakwanira paliponse padziko isanakwane pakati pa usiku pa nthawi ya Greenwich, dziko lonse liyambe mwezi. Turkey imayenda motero. Ubwino wake ndi wakuti tsiku la Idi limadziwika zaka zisanafike, chinthu chimene chinakopa bungwe la fiqhi la ku North America kuyamba kuwerengetsa mu 2006, popeza kumeneko munthu amapempha tchuthi kuntchito ndipo holo yoswaliramo imalipiridwa miyezi isanakwane. Kuipa kwake ndi kwakuti wokhala kum'mawa kwenikweni, monga ku New Zealand, akhoza kuuzidwa kuti mwezi wayamba pamene kwawo unalowa dzuwa lisanalowe. Ku hadisi yakuti salani mukauona, pamenepo tafika patali.

Makina nawonso atsegula khomo lina. Magalasi a maso palibe amawakana. Makina oonera kutali ambiri amawalola, chifukwa ndi diso lomwelo lathandizidwa. Koma mu Julayi 2013 wojambula zakuthambo wa ku France, Thierry Legault, anajambula mwezi masana pa mphindi yeniyeni ya kubadwa kwake, ndi kamera yoona kuwala kumene diso la munthu siliona. Ngati chithunzi chotere ndi kuona, ndiye kuti mwezi umaoneka tsiku lililonse, ndipo mawu akuti mukauona alibenso ntchito. Komiti imene imalandira zithunzi iyenera kunena poyera malire ake mwezi usanafike, osati kuyamba kukambirana usiku wa 29 anthu akudikira.

Funso lachitatu, la wolengeza, ndi limene limakhudza munthu wamba kuposa onse, ndipo mabuku a fiqhi ali ndi yankho lomveka kuposa pa mafunso awiri aja. Kwa Tirmidhi kuli hadisi yakuti kusala ndi tsiku limene mukusala, kumasula ndi tsiku limene mukumasula, ndipo kuzinga ndi tsiku limene mukuzinga, ndipo iye mwini anati maulama anaimasulira kuti izi zimachitika pamodzi ndi gulu. Kutsimikiza mwezi ndi ntchito ya kadhi kapena bungwe limene Asilamu a dera alipatsa udindowo. Likalakwitsa litayesetsa, kusala kwa anthu nkolandirika. Ku Indonesia unduna wa zachipembedzo umakhala pansi madzulo a 29 ndi mabungwe ndi akatswiri, nkulengeza pa wailesi ya kanema. Ku Cape Town anthu amasonkhana m'mbali mwa nyanja ku Three Anchor Bay, ndipo zimene aona zimapita kwa maulama a dziko lonse asanalengeze. Ku Malawi, kumene Idi ya kumapeto kwa Ramadhani ndi tchuthi cha boma, chilengezo chimakhudza ngakhale amene si Asilamu. Munthu amene waona pa foni kuti Riyadh yalengeza, nkumasula yekha banja lake ndi mzikiti wake zikusala, watenga ganizo la a Hanafi pa funso lachiwiri nkuiwala zimene a Hanafi omwewo amanena pa lachitatu, kuti uthengawo uyenera kufika kwa oweruza a kwanu mwa njira yovomerezeka, iwo nkuulandira.

Zinthu zikasokonekera pali zochita zake. Uthenga wakuti Ramadhani yayamba ukafika masana anthu atadya kale, amasiya kudya mpaka Magharibi, nkudzabweza tsikulo pambuyo pa Idi. Kwa a Shafi'i ngakhale amene sanadye kanthu amabweza, chifukwa niya, chitsimikizo cha mumtima, ya kusala kwa faradhi, kolamulidwa, imamangidwa usiku. Uthenga wakuti lero ndi Idi ukatsimikizika dzuwa litapendeka, anthu amamasula pomwepo, chifukwa kusala tsiku la Idi nkoletsedwa, ndipo swala ya Idi imaswalidwa m'mawa mwake, monga Mtumiki anachitira apaulendo atabwera ndi umboni mochedwa. Mwezi wa Shawwal, wotsatira Ramadhani, ukaoneka anthu atasala masiku 28 okha, ndiye kuti anayamba mochedwa, amaswali Idi nkubweza tsiku limodzi. Zinachitikapo ku Saudi Arabia mu 1984. Wapaulendo amene anayamba kusala ku Makka nkudzamalizira ku Blantyre amamasula ndi a ku Blantyre ngakhale masiku ake apitirire a anzake, ndipo akayenda mobwerera nkupezeka ndi 28, amaswali Idi ndi eni dera nkubweza limodzi. Zakaati ya fitiri, muyeso wa makilogalamu awiri ndi theka kufika atatu a chakudya cha m'deralo pa munthu aliyense, ndi bwino kuipereka pa 28 kapena 29, kuti Idi ikabwera modzidzimutsa isakupezeni nayo m'nyumba. Pa masiku khumi omaliza, kusiyana kwa tsiku limodzi kumatembenuza mausiku: wa 27 kwa ena ndi wa 26 kwa anzawo. Wofuna Lailatul Qadri, usiku wolemekezeka umene umafunidwa m'mausiku amenewa, asasankhe, aime onse khumi.

Idi ya nsembe ili ndi mfundo yakeyake, chifukwa anthu amaonera pa wailesi ya kanema mahaji ataima pa Arafa. Ena amati tsiku la Arafa ndi limodzi, limene mahaji aima, ndipo Idi ndi mawa lake paliponse. Ena amati kwa amene sali ku Haji, tsikulo ndi la 9 la Dhul Hijja, mwezi wa Haji, mwa kuwerenga kwa kwawo, ndipo Shehe Ibn Uthaymin, wa ku Saudi Arabia komweko, anaweruza motero. Mfundo yawo ndi yakuti kwa zaka mazana ambiri Asilamu a ku Kilwa kapena ku Timbuktu sankadziwa tsiku limene mahaji aima, koma ankaswali Idi ndi kuzinga, ndipo palibe ananena kuti nsembe zawo zinapita pachabe.

Pa chiweto pafunika kusamala, chifukwa mbuzi yozingidwa nthawi ya nsembe isanalowe ndi ndiwo chabe, si nsembe. Nthawiyo imayamba pambuyo pa swala ya Idi pa 10, nkutha dzuwa likalowa pa 12 kwa a Hanafi, a Maliki ndi a Hanbali ambiri, kapena pa 13 kwa a Shafi'i. Ngati m'dera lanu ena aswali Lachitatu ena Lachinayi, ndipo ng'ombe mwasonkherana anthu asanu ndi awiri a mizikiti yosiyana, izingeni Lachinayi swala yachiwiriyo itatha, kapena Lachisanu. Masiku awiri amenewo ali m'kati mwa nthawi pa kuwerenga kwa mbali zonse.